Palibe anapita kukapepesa mayi ake a Grendel

Homuweki ija inabwera Lachitatu, tsiku limene ndinali ndi shifiti ya usiku ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku England. Mnyamata wanga, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 9, anaisolola m'chikwama itakwinyika ngati ndalama ya chenji cha minibasi. Anauzidwa kuti ajambule chilombo chotchedwa Grendel, alembe pamwamba kuti chikufunidwa, pansi aikepo mawu asanu ochifotokoza, monga muja apolisi amamatira nkhope ya chigawenga pakhoma. Atatu anali atalemba kale: chonyansa, choopsa, chadyera. Awiri otsalawo ankafuna ndimupatse ine nsima isanapse.

"Chinalakwanji chilombochi?" ndinamufunsa uku ndikuvundula.

"Chimadya anthu, amayi. Koma Beowulf anachizula mkono. Kenako anakaphanso amayi ake."

"Nanga amayi akewo analakwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amanyowetsera. "Si amayi a chilombo?"

Ndinamupatsa mawu awiriwo, tinadya, ndinathamangira basi. Koma yankho lake lija linakwera nane.

Kwathu ndinali mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera, ndipo dzina la Beowulf, ngwazi ya m'ndakatulo ina yakalekale ya Chingelezi, ndinangolimva kamodzi ku koleji likudutsa. Kuno ana amakumana nalo akadali ku pulaimale. Silabasi ya mbiri yakale imafuna kuti aphunzire za ma Anglo-Saxon, mitundu ija inawoloka nyanja kuchokera kumene lero kuli Germany ndi Denmark n'kudzakhazikika pachilumbachi Aroma atachoka, ndiye aphunzitsi ambiri amaphatikizapo kabuku ka zithunzi kofotokoza za Beowulf mwachidule. Ana amapanga zishango za makatoni, amajambula chinjoka, teremu n'kutha. Sindikunyoza ayi. Mwana wanga kumuwerengetsa buku kumakhala ngati kukokera mbuzi kumsika, koma kabuku aka anakamaliza masiku awiri.

Loweruka lake ndinapita ku laibulale kukabwereka ndakatulo yonseyo, imene mlakatuli wa ku Ireland, Seamus Heaney, anaiika m'Chingelezi cha lero mu 1999. Ndinkaiwerengera kuntchito pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku, agogo onse atagona, belu litasiya kulira, kutangotsala phokoso la makina ochapira.

Ili ndi mizere 3,182 ndipo woipeka sadziwika. Chingelezi chake n'chakale moti Mngelezi wa lero sangatolepo kanthu popanda womasulira. Inatifika kudzera m'buku limodzi lokha la zikopa, lolembedwa pamanja cha m'ma 1000, ndipo olembawo anali awiri: wina analekeza pakati pa chiganizo, mnzake n'kupitiriza ndi dzanja lake losiyana. Mu 1731 nyumba imene munkasungidwa bukulo ku London, Ashburnham House, inapsa. Bukulo linapulumuka litawauka m'mbali, ndipo kwa zaka zambiri zilembo za m'mphepete zinkangoyoyoka ngati fodya wouma. Zina tikuzidziwa chifukwa munthu wina wa ku Iceland, Grímur Thorkelin, anakopera ndakatuloyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1780 zisanathe kuyoyoka. Lero bukulo lili ku British Library. Chimene chinandiseketsa n'chakuti Angelezi amainyadira ngati tsinde la zolemba zawo, chonsecho nkhani yake siponda ku England ngakhale tsiku limodzi. Zonse zimachitikira ku Denmark ndi kumwera kwa Sweden.

Mfumu Hrothgar ya ku Denmark inamanga chinyumba chachikulu chomweramo mowa ndi kugawiramo mphatso, dzina lake Heorot. Phokoso la zisangalalo linamuwawa Grendel, amene ankakhala kudambo mumdima. Usiku woyamba anagwira amuna 30, ndipo anazunza mudziwo zaka 12. Beowulf, mnyamata wa fuko la Geat la kumwera kwa Sweden, anawoloka nyanja ndi anzake 14, analimbana naye chimanjamanja, n'kumuzula mkono kuyambira paphewa. Kenako anapha mayi ake pansi pa dziwe. Anabwerera kwawo, analamulira zaka 50, ndipo atakalamba anaphana ndi chinjoka. Ndewu zitatu. Kabuku ka mwana wanga kanali ndewu zitatuzi, mafilimu ndi ndewu zitatuzi, magemu a pa kompyuta ndiye osanena.

Poyamba chinanditenga mtima ndi liwu loyambirira la ndakatuloyi, Hwæt. Omasulira akhala akulimbana nalo zaka zambiri. Mlembi wa ku England, J.R.R. Tolkien, anaika "Lo!", liwu la m'Baibulo lakale. Heaney anaika "So.", ponena kuti ndi mmene abale ake a kumudzi ankayambira nkhani akafuna kuti aliyense atseke pakamwa. Mu 2020 mayi wina wa ku America, Maria Dahvana Headley, anaika "Bro!", ngati mnyamata wa pa bala akukodola mnzake kuti aise, tamvera izi. Ine ndinadziguguda pamtima kuti azunguwa akuvutika ndi chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa. Si "Padangokhala" ameneyu? Kwangosowa oyankha kuti "Tili tonse". Ndinayenda nako kunyada kumeneku sabata yathunthu, mpaka ndinawerenga kuti mu 2013 katswiri wa zilankhulo, George Walkden, anafufuza mmene liwuli limagwirira ntchito m'zolemba zina zakale n'kunena kuti siliima palokha ngati mfuu yoitana anthu, koma ndi mbali ya chiganizo chodabwa, ngati kunena kuti "Koma ndiye tinamva za mphamvu za mafumu aja!" Si onse amavomereza, koma ine chinandiphunzitsa kusathamangira kuveka chitenje chilichonse chimene ndakumana nacho.

Komabe zina zimalowa m'khutu la Mchewa mosavuta. Mizere ya ndakatuloyi sigwirizana kumapeto monga nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Mzere uliwonse umathyoka pakati, ndipo chimene chimamanga mbali ziwirizo ndi mawu oyamba ndi liwu lofanana. Alakatuli a Chingelezi amatuluka thukuta kuti apeze mawu otere, pamene ife chilankhulo chimatipatsa ulere: chilombo chija chinachoka chikulira. Mwinanso n'chifukwa chake ifeyo sitikuona ngati luso. Ndiye pali kutchula chinthu mozungulira. Nyanja amaitcha hronrad, msewu wa namgumi. Thupi la munthu ndi banhus, nyumba ya mafupa. Izi ndinamuyesa nazo mnyamata wanga m'mawa wina akudya phala. Ndinati "Chilape!", n'kumuphunzitsa kuyankha kuti "Nachize!", ndinamupatsa nyumba ya amayi yopanda khomo, analephera, ndinamuuza kuti dzira. Kenako ndinamupatsa nyumba ya mafupa. Anaganiza, n'kudzigwira nthiti. Tsiku limenelo anapita kusukulu firiji akuitcha phanga la chisanu.

Koma zimenezi ndi zokometsera chabe. Chimene chinandikhazika pansi ndi china, ndipo m'kabuku kaja munalibe.

Ndakatuloyi imayamba ndi maliro. Beowulf asanatchulidwe, Grendel asanamveke, anthu anyamula mtembo wa mfumu yakale, Scyld, kupita nawo kugombe. Augoneka m'ngalawa pafupi ndi mlongoti, auzunguliza ndi malupanga ndi chuma, n'kuikankhira panyanja, ndipo mlakatuli akuti palibe munthu, ngakhale wanzeru chotani, anganene amene analandira katunduyo. Imatheranso pa maliro. Pakati pake maliro ali mbwee. Pali munthu wotsala yekha pa fuko lake lonse, akukwirira chuma cha abale ake chifukwa palibenso wochigwiritsa ntchito. Pali nkhalamba imene mwana wake wapachikidwa, ikuyang'ana nyumba ya mwanayo ili pululu, ikuona kuti minda ndi bwalo zakula mopitirira muyeso. Ndinawerenga ndime imeneyo nditakhala pakhonde la chipinda cha agogo ena aamuna amene mwana wawo yekhayo anamwalira kalekale, ndipo ndinatseka buku kaye.

Tsono taonani mmene mlakatuliyu anayalira nkhani ya mayi uja. Grendel wathawa ndi bala lake kukafera kudambo. Mkono wake aupachika pansi pa denga la Heorot kuti aliyense auone. Madzulo kuli phwando, mowa ukuyenda, Beowulf akulandira akavalo ndi golide. Woimba wa mfumu akuimirira kuti asangalatse anthu, ndipo nyimbo imene akusankha ndi ya mfumukazi Hildeburh, imene mchimwene wake ndi mwana wake anafera pa nkhondo imodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo, iyo n'kulamula kuti awatenthere pa mulu umodzi wa nkhuni. Anthu amva za mayi wolira mwana, aomba m'manja, apita kukagona. Usiku womwewo pakhomo pafika mayi wina wolira mwana.

Sanachite ngati mwana wake. Sanagwire anthu 30. Anagwira mmodzi, Æschere, nduna imene mfumu inkaikonda koposa, anatsitsa mkono wa mwana wake padenga paja, n'kuthawa mofulumira. Mmodzi kulipira mmodzi. Hrothgar yemweyo, polira nduna yake m'mawa, akuvomera kuti mayiyu wabwezera imfa ya mwana wake. Anthu amenewa anali ndi lamulo lakuti ukapha munthu umalipira abale ake, ukapanda kulipira abalewo ali ndi ufulu wobwezera. Mnzake wa Beowulf amene Grendel anamudya, mfumu inamulipirira golide. Kudambo kuja sikunapite munthu, ngakhale ndi nkhuku.

Sindikuti mayiyu anali woyera. Mutu wa Æschere anausiya pathanthwe m'mbali mwa dziwe kuti omulondola aupeze, ndipo mwana amene ankamulirayo anali atamaliza anthu zaka 12. Mlakatuli, amene anali Mkhristu, akuti onse awiri anali mbumba ya Kaini. Koma mlakatuli yemweyo akumutcha ides, liwu laulemu limene akutchulira nalo mfumukazi ya ku Heorot. Akumutchanso aglæcwif, ndipo tsinde la liwu limeneli, aglæca, akuligwiritsanso ntchito ponena za Beowulf mwini wake pamene akulimbana ndi chinjoka. Likakhala pa mwamunayo omasulira ambiri amati wankhondo woopsa. Likafika pa mayiyo amati mfiti, chinkhalamba chonyansa. Heaney, amene ndimamulemekeza, anamusandutsa mkwatibwi wa ku gehena. Headley ndiye anam'bwezera ulemu wake wa mkazi wankhondo, ngakhale kuti "Bro!" wake uja ine amanditopetsa pofika tsamba lachitatu. Timati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu sunena za mbali inayo, koma mayi aliyense amaidziwa.

Abambo akunyumba, poona kuti nkhaniyi yalowa m'nyumba, Lamlungu lina anatipezera filimu ya 2007 ya Robert Zemeckis. Iwo ankayesa katuni wa ana, poti anthu ake ndi ojambulidwa pa kompyuta. Tinakhala pampando tonse atatu ndi mbale ya mtedza. Zinayenda bwino pang'ono mpaka Beowulf analowa m'phanga muja. M'madzi munavuuka Angelina Jolie, thupi lonse lili golide, wosavala, zidendene zili zosongoka ngati nsapato za pa ukwati. Sindinaonepo abambo aja akudumphira rimoti mwa liwiro lotero. Mtedza unamwazika pansi ponse.

Ndinaimaliza ndekha mwana atagona. M'filimumo Beowulf samupha mayiyo, amagona naye n'kukanama kumudzi kuti wamupha. Grendel amapezeka kuti ndi mwana wa Hrothgar, ndipo chinjoka chija ndi mwana wa Beowulf. Ndikumvetsa chimene olembawo ankafuna: kusoka ndewu zitatu zija kuti zikhale nkhani imodzi, ndi kuonetsa kuti ngwazi nazo zimanama. Nzeru zilipo. Koma taonani chimene anachotsa kuti nzeruzo zikwane. Mayi wobwera kudzatenga mkono wa mwana wake anaona kuti sangagulitse matikiti, ndiye anamuvula. Kusukulu amusandutsa chilombo chachiwiri pa mndandanda, ku Hollywood amusandutsa chibwenzi, ndipo konseko palibe amene akumulola kukhala namfedwa.

Mwina mlandu wina ndi wa Tolkien, ngakhale sanafune. Mu 1936 iye anakamba nkhani yotchuka yodzudzula akatswiri amene ankafukula ndakatuloyi ngati dzala lofunamo mbiri ya mafumu, n'kumachita manyazi ndi zilombo zake. Anati zilombozo ndiye mtima wa ndakatulo. Chaka chotsatira anatulutsa buku lake la nthano, The Hobbit, mmene munthu wamng'ono amaba chikho pa chuma cha chinjoka chogona, chinjokacho n'kudzuka kukatentha mudzi, ndendende zimene kapolo wothawa amachita mu Beowulf. Kuyambira pamenepo zinjoka zogonera golide zadzaza mafilimu ndi magemu. Koma m'nkhani yomwe ija ya 1936 Tolkien ananenanso kuti ndakatuloyi ndi nyimbo ya chisoni, ndipo kuti mizere yonse yoyambirira ili ngati njira yopita ku maliro a kumapeto. Dziko linatola chinjoka, maliro linawasiya pomwepo.

Bambo anga anamwalira mu Januwale 2021, mwezi umene covid inasesa kwathu mpaka nduna ziwiri za boma kumwalira tsiku limodzi. Kuno tinali titatsekeredwa m'nyumba. Zopita kunalibe. Sindinagone pa siwa, sindinaone nthambi zitaikidwa pamsewu, sindinakhale pamphasa ndi azimayi anzanga. Ndinatumiza ndalama ya bokosi ndi ya bandulo, ndipo mwana wa achimwene anandigwirira foni pa WhatsApp. Chithunzi chinkangoima, nkhope za adzukulu zili mabokosimabokosi. Kenako ndinamva mawu a azakhali, mlongo wawo wa bambo, akuyamba kulira muja amalirira akuluakulu, kulira kokhala ndi mawu. Ankawaitana bambo ndi dzina la paubwana. Ankawafunsa kuti achimwene, mwandisiyira yani, milandu ya pamudzi pano adzaikamba ndani, ana awa akakangana za munda ndidzathawira kwa yani. Pakati pa liwu netiweki inaduka. Itabwerera, anthu anali akuimba nyimbo ya kwaya.

Ine ndinalira m'bafa nditaluma thaulo, chifukwa makoma a kuno ndi opyapyala ndipo aneba sadziwa kuti munthu amalira mokuwa. Kuntchito ndaperekeza okalamba ambiri. Mwambo umatha msanga, anthu amapukuta diso limodzi ndi kathishu, kenako tiyi ndi masangweji. Sindikuti samva kuwawa, ndawaona akunjenjemera manja. Koma mnyamata wanga, amene anali ndi zaka 6, atamva mawu a azakhali pa foni paja anandifunsa kuti agogowo akukalipira ndani.

Ndiye tangoganizani usiku umene ndinafika kumapeto kwa ndakatulo ija. Beowulf wafa. Pa anyamata amene anapita naye kukakumana ndi chinjoka, onse anathawira kuthengo kupatula mmodzi, Wiglaf. Mtembo auika pa mulu wa nkhuni, moto wayaka. Pamenepo mayi wina wa fuko la Geat, wopanda dzina, akuyamba kuimba nyimbo ya maliro. Sakutamanda mphamvu za malemu. Akunena zimene akuopa: adani akubwera, anthu adzaphedwa, otsala adzatengedwa ukapolo, poti wotchinga mudzi wapita. Mwandisiyira yani. Ndi mawu a azakhali aja, osasintha ngakhale pang'ono. Ndipo tsamba limene pali nyimbo ya mayiyu ndi limodzi mwa masamba ofufutika kwambiri m'buku lonse lija. Zilembo zina akatswiri anachita kuziunika ndi kuwala kwapadera, mawu ena amangoganizira kuti mwina panali akuti. Kulira kwake kunatifika koduka, ngati pa foni paja.

Pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi ndinayesa kuitchula nkhaniyi. Mphunzitsi wake, mtsikana waulemu wooneka wotopa, anandimvetsera bwino. Anati ali ndi masabata owerengeka, ana 30, ndipo makolo ena amadandaula ngakhale ndi mkono wozulidwa uja. Ndinamumvetsa, nanenso ndagwirapo choko. Chimene sindimvetsa mpaka lero n'chakuti timaona kuti mwana wa zaka 9 angathe kupirira munthu akudyedwa wamoyo, koma sangapirire mayi akulira. Homuweki ija inabwerera ndi kanyenyezi kagolide pakona.

Kunyumba ndinachita zanga. Usiku umene ndinalibe shifiti ndinamufotokozera mathero onse m'Chichewa, mwa mawu anga. Ndinamuuza kuti Beowulf asanatsirizike anapempha kuti amumangire chulu chachitali pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja, kuti oyenda m'ngalawa azichiona patali n'kumatchula dzina lake. Anamanga masiku 10, anakwiriramo phulusa lake pamodzi ndi golide yense wa chinjoka uja, amene mlakatuli akuti ali m'nthaka mpaka lero, wopanda ntchito kwa anthu monga analili kale. Kenako amuna 12 anazungulira chulucho pa akavalo akunena mbiri ya malemu.

"Ngati chiliza?" anafunsa.

Ndinati eya, ngati chiliza.

Cha bambo anga chinatitengera zaka zitatu ndi theka. Tinapita mu Ogasiti 2024, sukulu za kuno zitatsekera, ndipo unali ulendo woyamba mnyamata wanga kuponda kumudzi ali wozindikira. Kumanda azakhali analiranso, mawu omwe aja, ulendo uno mpaka kumapeto. Iye sanafunse kanthu, anangogwira nsonga ya chitenje changa.

Madzulo ake tili pamoto, azakhali anamukokera pafupi. "Iwe mzungu wanga, tatiuza zimene mumaphunzira kwanuko."

Anayamba ndi Chichewa chake chopindika. "Kunali chilombo china..."

"Iyayi. Nthano sayamba choncho. Yamba bwino."

Anandiyang'ana, ndinamunong'oneza. "Padangokhala," anatero, ndipo bwalo lonse, ndi ana a achimwene omwe, linayankha kuti tili tonse. Anafotokoza za chinyumba cha mfumu, za anthu 30, za mkono wopachikidwa kudenga. Pofika pa dziwe anaimirira kuti aonetse ndi manja mmene Beowulf anapezera lupanga la zimphona pakhoma la phanga, mmene anamutemera mayiyo pakhosi, mmene anadulira mutu wa Grendel amene anali atafa kale, mutu wolemera moti ananyamula amuna anayi pa mkondo. Ana anakuwa ndi chisangalalo. Azakhali anali chete, dzanja lili patsaya.

"Mayi ndi mwana, nyumba imodzi," anatero. "Nanga maliro awo anayenda bwanji? Anaika ndani?"

Mnyamata wanga anatsegula pakamwa, n'kutembenukira kwa ine.